Nyumba Yaitali ya ku Joni ndi Phunziro Lake kwa Ife

Pakati pa mzinda wa Johannesburg, umene makolo athu amautcha Joni, pa msewu wa Commissioner, pali nyumba ina yaitali zedi dzina lake Carlton Centre. Kutalika kwake ndi mamita 223, ndiye kuti mutaimika mabwalo awiri a mpira, lina pamwamba pa linzake, simunafikebe pa denga lake. Ili ndi nsanjika 50 ndipo inamangidwa kuti ikhale ya maofesi. Pambali pake pali hotela ya nsanjika 30, ya zipinda zogona zoposa 600, imene kale inali yomveka koposa m'dziko lonse la South Africa. Koma hotelayo yakhala chitsekere kwa zaka zoposa 25 tsopano, ndipo m'zipinda zonsezo simugona mlendo ngakhale mmodzi. Ine ndifuna kunenapo maganizo anga pa mbiri ya nyumba zimenezi, pakuti ndiona kuti muli phunziro la ife ana a sukulu, amene timakonda kutama dziko poona kutalika kwa nyumba zake.

Anthu ambiri pofotokoza kugwa kwa Carlton amanena mwachidule kuti ulamuliro wa Azungu utatha, anthu akuda anadzaza m'tauni, umbava unachuluka, ndipo hotela inafa. Ine mawu amenewa ndiwakana. Sindinena kuti umbava kunalibe. Unalipo ndithu, ndipo ndidzaunenapo m'tsogolomu. Chimene ndinena n'chakuti nthenda ya Carlton inayamba kale, pa nthawi imene amajambula nyumbayo papepala. Inamangidwira anthu ochepa mumzinda wa anthu ambiri, ndipo ochepawo atasamuka, eni ake anaona kuti n'kwabwino kuitseka kusiyana ndi kuisandutsa ya otsalawo.

Tiyambe ndi mbiri yake. Golide anapezeka ku Witwatersrand m'chaka cha 1886, ndipo pa malo amene panali mafamu ndi udzu wokhawokha panaphuka mzinda m'zaka zowerengeka. Olemera a migodi anafuna malo ogona ndi odyera olingana ndi chuma chawo. Mmodzi wa iwo, Barney Barnato, anaganiza zomanga hotela yaikulu, koma iye anamwalira mu 1897 asanaione. Hotelayo inatsegulidwa mu 1906 pa msewu wa Eloff, ndipo ndiyo inali Carlton yoyamba. Inali ya nsanjika 6 zokha, koma masiku amenewo inali chodabwitsa. Mfumu George VI ndi banja lake anafikira m'menemo pamene anadzacheza m'dzikomo mu 1947. Ulemu wonsewo sunaipulumutse ayi, pakuti mu 1963 inatsekedwa, ndipo pambuyo pake anaigwetsa kuti pamalopo pamangidwe zina.

Carlton yachiwiri, imene ilipo leroyi, inamangidwa pa malo ena osati kutali ndi yoyambayo. Eni ake anali makampani awiri akuluakulu, Anglo American ya banja la Oppenheimer, ndi South African Breweries yofulula mowa. Iwo anagula malo aakulu pakati pa tauni, natseka misewu ina yodutsa pamenepo, naitanitsa akatswiri ojambula nyumba a ku America otchedwa Skidmore, Owings and Merrill. Kukumba maziko kunayamba mu 1967. Hotela inayamba kulandira alendo mu 1972, nyumba ya maofesi inatha mu 1973, ndipo mwambo wotsegulira malo onsewo unachitika mu 1974, atawonongapo ndalama zoposa R88 miliyoni. Kunsi kwa nthaka anamangako masitolo ambirimbiri, ndipo pa nsanjika ya 50 anaikapo malo oonerapo mzinda wonse ndi milu ya dothi la m'migodi. Kwa zaka 46 panalibe nyumba ina ya maofesi kapena yokhalamo anthu mu Africa muno yoiposa msinkhu.

Tsono tifunse, kodi ndalama zonsezo zinachokera kuti? Mbali yaikulu ya chuma cha Anglo American inachokera m'migodi ya golide, ndipo okumba golideyo anali anthu akuda ochokera m'maiko ambiri, kuphatikizapo kuno kwathu. Pamene Carlton imamangidwa, amuna a ku Malawi oposa 100,000 anali m'migodi ya South Africa, atapita pa Wenela. Malipiro awo anali ochepa kwambiri. Cha m'ma 1969 Mzungu wa pamgodi wa golide ankalandira ndalama zoposa za munthu wakuda pafupifupi ka 20. Chaka chomwecho cha 1974, pamene akuluakulu amakondwerera kutsegulira Carlton Centre, ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana m'mwezi wa April, ndipo anthu athu oposa 70 amene amabwerera kwawo anafa. Chifukwa cha ngoziyo Pulezidenti Kamuzu Banda analetsa Wenela kulemba anthu ntchito m'dziko muno kwa kanthawi. Chotero pamene ndinena za nyumba ya ku Joni sindinena za chinthu chachilendo kotheratu, pakuti m'chuma chimene chinaimanga munali thukuta la agogo athu.

Koma anthu amene thukuta lawo linamanga mzindawo sanaloledwe kukhala eni ake. Lamulo la Group Areas Act la 1950 linagawa malo okhala potsata khungu, ndipo pakati pa Johannesburg panakhala pa Azungu. Munthu wakuda ankalowa m'tauni m'mawa pa sitima kapena pa basi kuchokera ku Soweto ndi malo ena otere, ali ndi chitupa m'thumba, ndipo madzulo ankayenera kutuluka. Wopezeka usiku m'misewu popanda kalata yomuloleza ankamangidwa. Inde, anthu akuda analimo mu Carlton. Ndiwo ankaphika, kuyala mabedi, kukolopa ndi kunyamula katundu wa alendo. Koma amene anajambula nyumbayo sanawaganizire ngati anthu oti tsiku lina adzachita lendi ofesi, kapena kugona m'zipinda zija ndi mabanja awo. Mzinda unali wa anthu mamiliyoni, koma Carlton inadalira kagulu kochepa ka anthu olemera, ndi alendo ochokera kunja kwa nyanja.

Akuluakulu anati ukakwera pamsana pa njovu usamati kunja kulibe mame. Munthu woima pa nsanjika ya 50 ankaona kutali, koma sankaona zimene zimachitika pansi. Mu June 1976, hotela ili ndi zaka zinayi zokha, ana a sukulu a ku Soweto, a misinkhu ngati yathu yomweyi, anaukira boma, ndipo ambiri anawomberedwa. Kuyambira pamenepo zinali zoonekeratu kuti tsankho silidzakhala mpaka kalekale, ndi kuti tsiku lidzafika pamene anthu onse adzalowa m'tauni mwaufulu. Eni chuma anali ndi zaka zambiri zokonzekera tsikulo. M'malo mwake ambiri a iwo anakonzekera msamuko.

Apa ndi pamene pali umboni wanga woyamba. Chaka cha 1973, chimene nyumba ya maofesi ya Carlton inatha, ndicho chakanso chimene masitolo aakulu a Sandton City anatsegulidwa kumpoto kwa mzinda, pa mtunda wosafika makilomita 20. Kumeneko malo anali otsika mtengo, poimika magalimoto panali pambiri, misewu yaikulu yatsopano inafikako, ndiponso kunali kufupi ndi nyumba za mabwana. Makampani anayamba kusamukira ku Sandton, ku Rosebank ndi madera ena a kumpoto m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980. Malamulo a zitupa anathetsedwa mu 1986, Group Areas Act inathetsedwa mu 1991, ndipo chisankho cha anthu onse chinachitika mu 1994. Taonani bwino zaka zimenezi, anzanga. Msamuko wa ndalama unayamba zitupa zikadalipo ndipo boma likadali la Azungu. Nanga tinganene bwanji kuti ufulu wa anthu akuda ndiwo unathamangitsa chuma chimene chinali chitayamba kale ulendo?

Umboni wachiwiri ndi wakuti masiku aulemu koposa a hotelayo anali aja pamene zitseko zake zinatsegukira mitundu yonse. N'zoona kuti mu 1979 nduna yaikulu P. W. Botha inachitira m'menemo msonkhano wotchuka ndi eni makampani. Koma chimene mbiri ikumbukira kwambiri ndi tsiku la 14 September 1991, pamene F. W. de Klerk, Nelson Mandela, Mangosuthu Buthelezi ndi atsogoleri ena anasainira mu Carlton pangano la mtendere lotchedwa National Peace Accord, pofuna kuletsa kuphana kumene kunali kutafala m'dzikomo. Ndiponso pa 2 May 1994 Mandela anaima m'holo ya hotela yomweyo nalankhula kwa anthu ake pokondwerera kupambana pa chisankho. Nyumba imene inamangidwa m'masiku a tsankho ndiyo inalandira chikondwerero cha kutha kwa tsankholo. Kodi si zachisoni kuti patapita zaka zinayi zokha inali itatsekedwa?

Pofika 1998 hotela inali itasiya kulandira alendo ndipo katundu wake anagulitsidwa. Mu 1999 kampani ya boma ya Transnet, yoyendetsa njanji ndi madoko, inagula Carlton Centre yonse pa mtengo wa R33 miliyoni. Yerekezani ndi R88 miliyoni zija zomangira, ndipo mukumbukire kuti mu 1974 randi imodzi inali yamphamvu kuposa dola ya ku America, pamene mu 1999 pankafunika marandi ngati 6 kuti munthu agule dola imodzi. Mwa ichi mudzaona kuti nyumbayo inagulitsidwa pa mtengo wotaya. M'chaka cha 2000 msika wa masheya wa Johannesburg Stock Exchange nawonso unasamukira ku Sandton, ndipo mu 2019 nyumba yotchedwa The Leonardo, ya ku Sandton komweko, inaposa Carlton msinkhu ndi mamita ochepa chabe. Ngakhale dzina lija la kutalika linatsata ndalama kumpoto. Pambuyo pake maiko ena, monga Egypt, amanga zazitali kuposa zonsezi.

Umboni wachitatu uli kunsi kwa nthaka. Pamene hotela inatsekedwa, masitolo apansi aja sanatsekedwe nayo pamodzi. Anasintha katundu wawo ndi mitengo yawo kuti ziyenerane ndi anthu otsika m'sitima ndi m'mateksi, ndipo ogula anapitiriza kubwera. Chotero si zoona kuti pakati pa Johannesburg panasowa anthu. Anthu analipo ochuluka kuposa kale. Chimene chinasowa ndi anthu otha kulipira chipinda cha hotela yapamwamba. Mbali ya Carlton imene inavomera kutumikira munthu wamba inakhala ndi moyo, ndipo mbali imene inadikira olemera kuti abwerere ikudikirabe.

Tsopano ndinene za umbava, monga ndinalonjeza. Sindingakane kuti m'zaka za m'ma 1990 misewu ya pakati pa mzindawo inaopsa, ndipo mlendo wobedwa kamodzi sabweranso. Koma umbava umakonda malo osiyidwa. Eni nyumba zambiri za m'tauni anasiya kuzikonza, ena anazithawa osalipira madzi ndi magetsi, mabanki anayamba kukana kubwereketsa ndalama zogulira nyumba m'madera ena, ndipo akuluakulu a mzinda analephera kusunga dongosolo. Mlimi akasiya munda wake n'kupita kukalima kwina, asadabwe akamva kuti mwalowa nguluwe. Umbava unafulumizitsa msamuko, inde, koma msamukowo nawonso unabala umbava.

Mwina wina angati, nanga hotela ikakhala yotseka ikulakwira yani? Yankho lili pa msewu wa Albert, ulendo wa mphindi zochepa wapansi kuchokera pa Carlton. Pamenepo pali nyumba ya nsanjika 5 yotchedwa Usindiso, imene masiku a tsankho inali ofesi yaikulu ya zitupa. M'zaka zaposachedwa munadzaza anthu osauka, atagawa zipinda ndi matabwa ndi makatoni, akulipira lendi kwa anthu amene sanali eni nyumba. Usiku wa 31 August 2023 nyumbayo inapsa, ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo ana. Pakati pa akufawo panali Amalawi anzathu amene anapita ku Joni kukafuna ganyu, monga anachitira agogo awo. Bungwe lofufuza lotsogoleredwa ndi woweruza wopuma, Mayi Sisi Khampepe, linapeza kuti akuluakulu a mzinda, amene ndiwo eni nyumbayo, anali ndi mlandu wosasamala. Usiku umenewo zipinda zoposa 600 za Carlton zinali zopanda munthu. Ine ndiona kuti mzinda umene ukusunga zipinda zopanda anthu pafupi ndi anthu opanda zipinda wasokoneza chinthu chachikulu.

Maganizo anga ndi akuti hotela ya Carlton ikonzedwe ikhale malo okhala anthu a ndalama zochepa, monga ophunzira a m'makoleji, anamwino, aphunzitsi ndi ogwira ntchito m'masitolo, pa lendi imene iwo angathe kulipira. Popeza mwini wake ndi kampani ya boma, n'koyenera kuti chuma chimenechi chithandize anthu a dzikolo. Ndidziwa kuti ntchitoyo si yapafupi. Chipinda cha hotela chilibe khitchini, mipope ya madzi ndi nthambo za magetsi zokhala zaka zambiri osagwira ntchito zimafuna kusinthidwa, ndipo nyumba ya nsanjika 30 yopanda zikepe zodalirika ndi ndende chabe. Zonsezi zifuna ndalama zambiri ndi oyang'anira okhulupirika. Koma mumzinda womwewo muli chitsanzo. Nyumba yozungulira ya Ponte City, ya nsanjika 54, imene inatha mu 1975, inafika poipa kwambiri m'zaka za m'ma 1990, zinyalala zitaunjikana pakati pake. Pambuyo pake inayeretsedwa, inakonzedwa, anaikamo alonda, ndipo mabanja a anthu wamba anakhalamonso. Ngati zinatheka ku Ponte, n'chifukwa ninji zikanike ku Carlton?

Wina anganenenso kuti nyumba ya mwini saotchera mbewa, ndipo mwana wa sukulu wa ku Malawi asamalangize eni Joni. Mawuwo ali ndi nzeru, ndipo eni dzikolo ndiwo adzagamula. Koma phunziro la nyumbayi silifuna chilolezo kuti liwoloke malire, pakuti nafenso tili ndi mizinda yathu. Likulu lathu la Lilongwe, limene linayamba kugwira ntchito ngati likulu mu 1975, linamangidwa ndi chithandizo cha ngongole yochokera ku South Africa, ndipo pulani yake yoyamba inajambulidwa ndi akatswiri a kumeneko, m'zaka zomwezo zimene Carlton imamangidwa. Aliyense wofika ku Lilongwe amaona kuti ku City Centre, kumene kuli nyumba zazitali za maofesi, kumakhala zii anthu akaweruka, pamene ku Old Town, kumene kuli msika ndi depoti ya mabasi, anthu amakhala piringupiringu mpaka mdima. Antchito ambiri amagona kutali ndi kumene amagwira ntchito, ndipo ndalama zawo zimathera pa minibasi. Sindinena kuti Lilongwe ndi Johannesburg. Ndinena kuti maganizo olekanitsa malo a mabwana ndi malo a anthu wamba si achilendo kwathu kuno.

Musandimve ngati ndikudana ndi nyumba zazitali. Pakati pa tauni malo ndi ochepa, ndipo kumanga chokwera kumapulumutsa minda imene ikadatha ndi nyumba. Amisiri amene anaimika Carlton anagwira ntchito yotamandika, pakuti patha zaka zoposa 50 ndipo iyo ili chiimire. Cholakwa sichinali mu simenti kapena m'zitsulo ayi, koma m'funso limene eni ake sanadzifunse, lakuti kodi nyumbayi adzaigwiritsa ntchito ndani anthu amene tikuwadalirawa akadzachoka?

M'makalasi mwathu muno muli ena amene adzakhala ojambula nyumba, mainjiniya, makhansala, ngakhale nduna za boma. Tsiku lina munthu adzabwera kwa inu ndi chithunzi chokongola cha nyumba yaitali kuposa zonse m'dziko muno, ndipo onse adzawomba m'manja. Pa tsikulo mudzakumbukire kuti chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere, ndipo mudzafunse mafunso awa: Kodi mayi wogulitsa tomato adzakhala ndi malo pafupi nayo? Kodi mlonda ndi wokolopa wake adzagona kuti, ndipo adzayenda mtunda wotani? Kodi magetsi akazima, chikepe chidzayenda ndi chiyani? Kodi kampani yaikulu yochita lendi ikasamuka, zipindazo zingasinthidwe kukhala za ntchito ina? Ngati wobwera ndi chithunziyo alibe mayankho, mudzamuuze mbiri ya Carlton.

Ndipo ife amene tikulota zopita ku Joni tikamaliza mayeso, poona zithunzi za nyumba zazitali zimene abale athu amatumiza pa foni, tiyeni tiziwafunsanso kuti iwo amagona m'nyumba yotani, ndi kuti khomo lake lothawira moto lili kuti.